Sinowo ya mu Epulo: chifukwa chake okwera mapiri a ku Ulaya amanyamuka tambala asanalire

Amene anaonera masewera a Olimpiki a nyengo yozizira mu Febuluwale 2026 anakumana ndi zachilendo m'tauni ya Bormio ku Italy. Tinazolowera kuona anthu akutsetsereka kuchokera pamwamba pa phiri, koma awa ankathamanga chokwera, timatabwa tili kumapazi. Kenako ankativula, n'kutibereka kumsana, kukwera masitepe, kutivalanso, n'kutsika ngati mphenzi. Zonsezo m'mphindi zitatu kapena zinayi basi. Aka kanali koyamba kuti masewera okwera phiri la sinowo pa timatabwa alowe mu Olimpiki, ndipo ambiri anafunsa kuti kodi ameneyu ndi mpikisano wanji wothamanga utavala matabwa.

Zimene zinaoneka pa kanemazo ndi kambali kakang'ono chabe. Mwambo weniweni umachitika kutali ndi makamera, m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, pomwe kuno tili pakalikiliki wokolola chimanga. Apa ndi pamene pamabwera chisokonezo chachiwiri. Ngati kuzizira kwatha, mitengo ikuphukira ndipo malo ambiri ochitira masewera a pa sinowo atseka, anthuwa akukafuna chiyani kuphiri? Nanga bwanji pa zithunzi zina amaoneka atavala malaya a manja aafupi, akuseka padzuwa, pomwe m'miyezi yomweyo timamvanso kuti ena afera kumapiri komweko ndi chisanu? Kuti zimveke, tiyenera kuona zimene dzuwa limachita ndi sinowo ola ndi ola.

Tiyambe tagwirizana pa mawu

Sinowo, yomwe m'mabuku ena amati chipale chofewa, si matalala. Matalala ndi olimba ndipo amaboola masamba a fodya. Sinowo imagwa mwakachetechete ngati thonje, n'kumaunjikana miyezi yonse ya kuzizira mpaka kufika mamita angapo.

Ma ski ndi timatabwa tiwiri tating'ono m'lifupi, totalika ngati msinkhu wa munthu, tomangirira ku nsapato zolimba. Liwuli linachokera ku Norway, komwe poyamba linkatanthauza chibanthu cha mtengo. Kumeneko ma ski sanali a masewera, anali oyendera basi, monga bwato kwa anthu a kunyanja. Mu 1888 Fridtjof Nansen wa ku Norway anadutsa chilumba cha Greenland pa ma ski, ndipo mbiri ya ulendowo inachititsa chidwi anthu a m'mapiri a Alps, omwe ali m'mayiko monga France, Switzerland, Italy ndi Austria.

Anthu ambiri otsetsereka pa sinowo amapita kumalo okonzedwa. Makina amawakweza pamwamba, njira zimakhala zosalazidwa ndi mathirakitala, ndipo pali alonda oyang'anira ngozi. Amene tikukamba pano amasiya zonsezo. Amakwera ndi miyendo yawo, kopanda njira, kopanda mlonda, ndipo nthawi zambiri amadutsa pa mitsinje ya ayezi. Mtsinje wa ayezi ndi sinowo ya zaka mazanamazana yomwe inapanikizana mpaka kusanduka madzi oundana olimba, ndipo imayenderera pang'onopang'ono kutsika m'chigwa, mamita makumi angapo pachaka.

Munthu amakwera bwanji atavala zinthu zoterera?

Pansi pa ski iliyonse amamatapo kansalu kaubweya kotalika ngati ski yomweyo. Tayesani kusisita mbuzi kuchokera kumutu kupita kumchira, dzanja limangoyenda bwinobwino. Mukabweza dzanja kulowera kumutu, ubweya umaimirira n'kukana. Kansaluka kamagwira ntchito chimodzimodzi: ski imatsetsereka kupita kutsogolo koma ikafuna kubwerera m'mbuyo ubweya umaluma sinowo. Kale ankagwiritsa ntchito zikopa za akatumbu a m'nyanja yamchere, ndipo mpaka lero Afalansa amatchula masewerawa ndi dzina la chikopacho. Masiku ano tinsaluti timapangidwa ndi nayiloni kapena ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, womwe wambiri padziko lonse umachokera ku South Africa. Choncho mbuzi ya ku Eastern Cape, yomwe sinaonepo phiri la Mont Blanc, ubweya wake umafika pamwamba pake chaka ndi chaka.

Pokwera, nsapato imamangidwa ku zala kokha, chidendene chili chomasuka, mwendo n'kumayenda ngati wa munthu wovala patapata. Phiri salilunjika. Amalidula mokhotakhota ngati msewu wa Khwekhwerere, kamwendo kamodzikamodzi, maola anayi, asanu, ngakhale asanu ndi awiri. Pamene paima kwambiri amabereka ma ski, n'kuvala zitsulo za mano kunsi kwa nsapato, kankhwangwa kali m'manja. Akafika pamwamba amamatula tinsalu tija, amakhoma chidendene, n'kutsika. Mtunda wa maola asanu amautsika m'mphindi 30 kapena 40. Ine pamenepa ndimaona kuti malondawo ndi oluza, koma eni ake amati kukwerako ndiye theka la chisangalalo.

Phunziro la firizesi

Aliyense amene anagulapo firizesi pa depoti akudziwa kale zofunika zonse za sinowo ya mu Epulo. Ikangotuluka mu kula bokosi imakhala gwa ngati mwala, mano sangailowe. Mukaigwira m'manja kwa mphindi zingapo imafewa kunja, m'kati ikadali yolimba, ndipo apo ndiye pokoma. Mukachedwa nayo kucheza, mumatsala ndi madzi ofunda m'pepala.

Pakatikati pa nyengo yozizira, mu Disembala ndi Januwale, sinowo ya pamapiri ataliatali imakhala youma ngati ufa, yosagwirana, masiku ndi aafupi ndipo kuzizira n'kosaneneka. Ikafika Malichi dzuwa limayamba kukwera. Masana limasungunula sinowo ya pamwamba, madzi n'kulowerera pansi. Usiku, makamaka kumwamba kukayera opanda mitambo, zonse zimaundananso. Zikabwerezeka masiku angapo, timadontho ta sinowo timagwirana n'kusanduka timibulu tokhakhala ngati mphale. Anthu a ku America amaitchula ndithu ndi dzina la chimanga, pomwe Afalansa amaiyerekeza ndi kapeti. M'mawa kwambiri imakhala yolimba moti munthu akagwa amatsetsereka osaima. Dzuwa likaomba ola limodzi kapena awiri, pamwamba pamafewa kuya ngati chala chimodzi kapena ziwiri, pansi pakadali polimba. Apa ski imagwira bwino, simira, ndipo kukhota kumakhala kosavuta. Otsetsereka amati palibe sinowo yokoma kuposa imeneyi.

Vuto ndi lakuti kukomako sikukhalitsa, ndipo sikufika pena paliponse nthawi imodzi. Mbali ya phiri yoyang'ana kum'mawa imafewa poyamba, mwina 8 kapena 9 koloko. Yoyang'ana kum'mwera imatsatira, chifukwa ku Ulaya dzuwa la masana limadzera kum'mwera, mosiyana ndi kuno komwe mu Juni limapendekera kumpoto. Ya kumadzulo imafewa mochedwa, ndipo ya kumpoto imatha kukhala youma mpaka mu Meyi. Kutalika kwa malo kumawerengedwanso, popeza pa mamita 1,000 aliwonse okwera kumazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono.

Ndiye munthu amawerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati chitsetse chomwe akufuna chidzakhala bwino 10 koloko, ndipo kukwera kumatenga maola asanu, anyamuke 5 koloko, adye 4 koloko, ndipo agone dzuwa litangolowa. N'chifukwa chake zithunzi za maulendowa zimakhala ndi mzere wa timatochi ta pamphumi mumdima. Dzuwa likamafika paliwombo, wodziwa amakhala atatsika kale, wavula nsapato, akuotha dzuwa. Malaya a manja aafupi aja ndi a nthawi imeneyo. Dzuwa lake silocheza, chifukwa sinowo imabweza kuwala ngati galasi. Limawaula nkhope mpaka kunsi kwa mphuno, ndipo wopanda magalasi akuda maso amatupa n'kukhala ngati athiridwa mchenga kwa tsiku kapena awiri.

Usiku ukakhala wa mitambo kapena wofunda, sinowo siundana mokwanira. Namulondola wanzeru akatuluka panja m'bandakucha amaponda pansi kaye. Phazi likamira, ulendo wa tsikulo wasintha kapena watha.

Napolo woyera

Anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba akudziwa za napolo, pomwe phiri lakhuta madzi n'kugumuka, kukokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Sinowo nayo imagumuka. Chigumukirechi chili mitundu ingapo koma iwiri ndiyo yofunika pano.

Woyamba ndi wa sinowo youma. Sinowo imagwa m'magawo, ya lero pamwamba pa ya mlungu watha, ndipo mphepo imaipanikiza n'kukhala chibenthu chimodzi chachikulu. Ngati pansi pa chibenthucho pali gawo losagwirana, zimakhala ngati lata lomwe laikidwa pa nyemba zouma pamalo opendekera. Kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuti mng'alu uthamange m'phiri lonse, chibenthu n'kunyamuka. Ambiri mwa anthu amene amafa motere, chigumukirecho amachiyambitsa ndi iwo eni kapena mnzawo wa m'gulu lomwelo. Ngozi zoterezi zimachuluka pa zitsetse zopendekeka madigiri 30 mpaka 45, zomwe mwatsoka ndi zomwezo zokoma kutsetserekapo.

Wachiwiri ndi wa sinowo yonyowa, ndipo umenewu ndiwo wa mu Epulo. Dzuwa likapitirira kuomba, madzi amalowerera mpaka pansi, sinowo yonse n'kusanduka phala lolemera. Imanyamuka yokha popanda woiputa. Imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi youma ija, koma mphamvu yake imazula mitengo, ndipo ikaima imagwirana ngati simenti. Ubwino wake umodzi ndi wakuti imasunga nthawi. Chitsetse chomwe chinali chodalirika 8 koloko chimatha kukhala msampha 1 koloko, ndipo izi munthu angathe kuzidziwiratu. Youma ija ndiyo yachinyengo, simaonetsa. Ichi n'chifukwa chachikulu chimene maulendo a pamapiri ataliatali amadikirira Malichi ndi Epulo.

Kuyambira mu 1993 mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyezo umodzi wochenjeza za ngoziyi, kuyambira 1 mpaka 5. Ku Switzerland, bungwe la SLF la ku Davos, lofufuza za sinowo ndi zigumukire, limatulutsa chenjezo kawiri patsiku, ndipo m'nyengo imeneyi nthawi zambiri limaonetsa mapu awiri, a m'mawa ndi a masana, chifukwa nambala imakwera dzuwa likamakwera. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri safa pa 5 kapena pa 4, pomwe aliyense amachita mantha n'kukhala pakhomo. Pafupifupi theka amafa pa 3, pomwe zinthu zimaoneka ngati n'zotheka. M'mapiri onse a Alps, anthu pafupifupi 100 amafa ndi chigumukire cha sinowo pachaka.

Aliyense amanyamula zinthu zitatu. Pachifuwa pamakhala kachipangizo kotumiza uthenga wa wailesi nthawi zonse, ndipo wina akakwiririka anzake amatembenuza tawo kuti tiyambe kufufuza. Mu chikwama mumakhala ndodo yopinda yopisira mu sinowo ndi fosholo. Ndodo ndi fosholozi sizithandiza mwini wake ayi, n'zopulumutsira mnzake. Kafukufuku wa ku Switzerland anaonetsa kuti mwa anthu 10 ofukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, 9 amapezeka amoyo, koma pakadutsa theka la ola ambiri amakhala atabanika. Helikoputa sifika msanga chotero. Wokufukula ndi yemwe munadya naye kadzutsa.

Msampha wina uli pa mitsinje ya ayezi ija. Poyenderera imang'aluka, ndipo ming'alu yake imatha kuya mamita 30 kapena kuposa. Sinowo imaiphimba pamwamba ngati mmene alenje amaphimbira mbuna ndi masamba. Mu Epulo chophimbacho chimakhala chitanenepa kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, ndipo m'mawa chimakhala cholimba. Masana chimafooka. Pamalo okayikitsa anthu amamangana chingwe m'chiuno, motalikirana, kuti wina akagwera ena amugwire.

Kuchokera ku Chamonix kukafika ku Zermatt

Ulendo wotchuka kwambiri wa mtunduwu ndi Haute Route, kutanthauza njira ya pamwamba. Umayambira ku Chamonix m'dziko la France, m'munsi mwa Mont Blanc, phiri lotalika mamita oposa 4,800, n'kukathera ku Zermatt ku Switzerland, m'munsi mwa Matterhorn, la mamita 4,478. Angerezi a kalabu ya okwera mapiri anaitulukira akuyenda pansi m'chilimwe cha 1861. Dokotala wa ku Chamonix, Michel Payot, anayesa pa ma ski mu 1903, ndipo mu 1911 Marcel Kurz ndi anzake anadutsa pa ma ski chigawo cha pamwamba cha njirayi mpaka ku Zermatt. Lero umatenga masiku 6 kapena 7, ndipo nthawi zambiri munthu amakhala pa mamita 3,000, msinkhu wa nsonga ya Sapitwa, kwa masiku otsatizana.

Amene anagonapo ku Chambe, Lichenya kapena Thuchila pa phiri la Mulanje angamve msanga mmene zimakhalira, chifukwa nayonso njira iyi imayenda kuchoka pa nyumba yachigono kupita pa ina. Kalabu ya okwera mapiri ya ku Switzerland, yomwe inayamba mu 1863, ili ndi nyumba zotere pafupifupi 150. Zina zinamangidwa pamalo oti munthu n'kugwira pakamwa. Ya Bertol ili pa mamita 3,311, pamwamba pa thanthwe, ndipo amaifika pokwera makwerero achitsulo.

Tangoganizani tsiku limodzi pa nyumba ya Vignettes. Magulu amayamba kufika cha m'ma 12 kapena 1 koloko. Pakhomo pali chipinda chovulira nsapato, ndipo aliyense amatenga masilipasi a nyumbayo, chifukwa kulowa ndi nsapato za paphiri ndi mwano. Tinsalu taubweya tija amatiyanika padzuwa pamodzi ndi masokosi. Madzi ndi osowa ngakhale kuti pozungulira ponse ndi sinowo, poti kuisungunula kumafuna moto, ndipo chilichonse, kuyambira gasi mpaka buledi, chimabwera pa helikoputa. Kusamba ndiye musakuwerengere. Cha m'ma 6:30 madzulo onse amadya chakudya chimodzi pa matebulo aatali, dokotala wa ku Geneva pambali pa kalipentala wa ku Aosta, msuzi, nyama ndi pasita, kenako kotsekemera. Mbale amazisonkhanitsa okha n'kupukuta tebulo. Woyang'anira nyumba amazungulira kufunsa gulu lililonse komwe likulowera mawa, n'kunena nthawi ya kadzutsa. Amalankhula mwachidule, koma iye ndi amene waona phirilo tsiku lililonse kuyambira mu Malichi, ndipo safunsa anadya phula. Pofika 10 koloko magetsi azima. Anthu 20 kapena kuposa amagona chipinda chimodzi, phewa ndi phewa, wina akuliza mkonono, wina mutu ukuwawa chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Ikakwana 5 koloko chipinda cha nsapato chija chimadzaza ndi anthu osalankhulana, kungomveka zitsulo gwedegwede.

Nyumba zambiri zikatsekedwa kumapeto kwa nyengo, amasiya chipinda chimodzi chosakiya, muli mabulangete ndi mbaula, kuti wosochera apeze pobisala. Ndalama amasiya yekha m'kabokosi kapena kutumiza pambuyo pake.

Ambiri amalemba ganyu namulondola. Ntchitoyi ndi yakale: bungwe la anamulondola a ku Chamonix linakhazikitsidwa mu 1821, patatha zaka 35 kuchokera pamene Jacques Balmat ndi Michel-Gabriel Paccard anafika pamwamba pa Mont Blanc mu Ogasiti 1786. Kuti munthu apate chiphaso chovomerezeka m'mayiko ambiri amaphunzira zaka zingapo, ndipo mawu ake paphiri ndi omaliza. Akati tibwerere, amabwerera, ngakhale nsonga ikuonekera apo. Mu 2019 bungwe la UNESCO linaika mwambo wokwera mapiri wa ku France, Italy ndi Switzerland pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, momwe mulinso Gule Wamkulu. Chomwe anayamikira si mphamvu za m'miyendo zokha, koma nzeru zowerenga phiri ndi udindo wothandizana.

Nyengo ikatembenuka

Dzuwa la mu Epulo limaiwalitsa kuti pa mamita 3,500 kuzizira sikunapite patali. Pa 29 Epulo 2018, anthu 14 ochokera ku nyumba ya Dix kupita ku Vignettes anagwidwa ndi chimphepo ndi chifunga pafupi ndi phiri la Pigne d'Arolla. Chifunga cha pa sinowo chimaposa chiperoni, chifukwa kumwamba ndi pansi zonse zimayera mofanana, moti munthu sadziwa ngati akutsika, akukwera kapena waima. Anasochera, ndipo anagona panja pamalo opanda pobisala, mtunda wa mamita mazana ochepa chabe kuchokera pa nyumbayo. Anthu 7 anamwalira, kuphatikizapo namulondola wa gulu limodzi.

Pa 9 Malichi 2024 zinachitikanso. Anthu 6, asanu mwa iwo a banja limodzi, ananyamuka ku Zermatt kulowera ku Arolla ndipo namondwe anawapeza pafupi ndi Tête Blanche. Mmodzi anakwanitsa kuimba foni, koma mphepo sinalole helikoputa kapena opulumutsa oyenda pansi kuwafikira. Madzulo a tsiku lotsatira matupi asanu anapezeka.

Pa ngozi ziwirizi panalibe chigumukire. Chinapha ndi mphepo ndi chisanu. Pofuna kuyenda mwachangu kuti apambane dzuwa, anthu amachepetsa katundu, ndipo tsiku lomwe mphepo yabwera m'malo mwa dzuwa, chovala chomwe chinasiyidwa ndicho chimafunika.

Asilikali a ku Switzerland ndi chikondwerero cha ku New Hampshire

Mpikisano wa ku Bormio uja uli ndi makolo ake. Mu 1943, nkhondo yachiwiri ili m'kati, asilikali a ku Switzerland anayambitsa Patrouille des Glaciers pofuna kuyesa ngati magulu awo angathe kulondera malire a m'mapiri. Mu 1949 gulu la asilikali atatu linagwera mu mng'alu wa ayezi n'kufa, ndipo mpikisanowo unaletsedwa mpaka 1984. Masiku ano umachitika zaka ziwiri zilizonse mu Epulo, anthu wamba amaloledwa, koma oyendetsa akadali asilikali. Magulu a anthu atatuatatu amanyamuka ku Zermatt usiku kupita ku Verbier, makilomita pafupifupi 57, ndipo mitunda yonse ikaphatikizidwa imaposa mamita 4,000. Zimene ena amayenda masiku angapo, akatswiri amazimaliza maola osakwana 6.

Ku America mwambowu unatenga nkhope ina. Phiri la Mount Washington ku New Hampshire ndi lalifupi, mamita 1,917, losafika ngakhale pa nsonga za Zomba, koma mphepo yake ndi ya mbiri: mu Epulo 1934 anayezapo liwiro la makilomita 372 pa ola. Mphepoyo imasesa sinowo n'kukaiunjika m'chigwa chonga mbale chotchedwa Tuckerman Ravine, momwe imakhalitsa mpaka mu Meyi, nthawi zina Juni. Loweruka ladzuwa anthu mazanamazana amakwera pansi maola awiri kapena atatu, ma ski ali kumsana, ena atavala zoseketsa. Amakhala pa miyala ya m'munsi akudya, n'kumaonerera olimba mtima akutsika khoma lopendekeka mpaka madigiri 50. Wotsika bwino amamuombera m'manja, wogubuduzika amamukuwiza, ngati ku bwalo la mpira. Amasimbabe za Toni Matt, mnyamata wa ku Austria yemwe mu 1939 analunjika khomalo osakhota, n'kutsika phiri lonse m'mphindi 6 ndi theka. Koma miyala yodyerapoyo ili kunsi kwa zibuma za ayezi zomwe zimagumuka kukafunda, ndipo alonda a nkhalango amakhalira kuchenjeza anthu kuti asakhalepo.

Zimene eni ake akukangana

Nkhani yoyamba ndi ya ndalama zopulumutsira anthu. Ku France, opulumutsa a boma, monga apolisi a m'mapiri a ku Chamonix, salipiritsa. Ku Switzerland helikoputa ikakutenga bilu imabwera, ndipo anthu amadziteteza ndi inshuwalansi kapena kupereka chopereka cha pachaka ku bungwe lopulumutsa anthu pa helikoputa la Rega. Ena amati walira mvula walira matope, woika moyo wake pachiswe mwadala alipire yekha. Ena amayankha kuti munthu akamaopa bilu amachedwa kuimba foni, ndipo kuchedwako kumaika pangozi opulumutsa omwe.

Yachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu. Zida zapepuka, mapu ali mu foni, ndipo malo ogona pa Haute Route amatha miyezi ingapo nyengo isanayambe. Akale amadandaula kuti obwera kumene ali ndi mapapo amphamvu koma sadziwa kuwerenga sinowo, amangotsata mapazi a ena. Achinyamata amati akalewo akufuna phiri likhale lawo okha. Oteteza zachilengedwe nawo amakumbutsa kuti nyama za m'mapiri zimatuluka m'nyengo yozizira zitawonda, ndipo kuzithamangitsa kamodzi kokha kumazilanda mphamvu zomwe zinasunga. Switzerland inaika madera omwe otsetsereka saloledwa kulowa.

Yachitatu ndi yomwe onse akuiona ndi maso. M'zaka ziwiri zokha, 2022 ndi 2023, mitsinje ya ayezi ya ku Switzerland inataya gawo limodzi mwa magawo 10 a ayezi wake yense. Nthawi zina mphepo imanyamula fumbi la ku Sahara n'kukalithira pa Alps, monga zinachitikira mu Malichi 2022, sinowo n'kufiira, ndipo sinowo yodetsedwa imasungunuka msanga kuposa yoyera. Ayezi akatsika, malo omwe kale ankadutsika pa ma ski amasanduka makoma a miyala ofuna chingwe kapena makwerero. Miyala yomwe inkagwiridwa ndi chisanu imayamba kugwa. Mu Julayi 2022 chibenthu cha ayezi chinagumuka pa phiri la Marmolada ku Italy n'kupha anthu 11, ndipo pa 28 Meyi 2025 mtsinje wa ayezi wa Birch unagwera mudzi wa Blatten ku Switzerland n'kuukwirira pafupifupi wonse. Anthu ake pafupifupi 300 anali atasamutsidwa masiku angapo m'mbuyomo.

Kwa anamulondola izi zasokoneza kalendala. Nsonga zina zomwe makolo awo ankakwera pansi mu Julayi ndi Ogasiti, tsopano ambiri amakonda kuzikwera mu Epulo ndi Meyi pa ma ski, sinowo ikadaphimba ming'alu ndi kugwira miyala. Usiku wosaundana nawo ukuchulukirachulukira, ndipo kukakhala kofunda chotero woyang'anira nyumba amabweza nthawi ya kadzutsa kuchoka pa 5 koloko kufika pa 4, nthawi zina 3.